Ampulifaya Yopepuka

Kalipentala anakwera masitepe a shopu ya zoimbira chobwerera m'mbuyo, akukoka chibokosi chakuda. Atafika pamwamba anapuma, n'kuwayang'ana masitepewo ngati amulakwira. Kenako anakankha chitseko ndi phewa n'kulowa.

M'shopumo munali kamdima ngakhale kunali masana, chifukwa mawindo onse anali atatsekeka ndi masipika osanjikizana. Komabe mwini shopu anachizindikira chibokosicho asanazindikire munthu wochikokayo. Inali ampulifaya ya gitala ya besi, yachikale, yolemera ngati injini ya chigayo. Oimba ankaitcha Chivomerezi.

Mwini wake anali mwana wamkazi wa kalipentalayo. Mtsikana ameneyo ankati akakhudza nsambo, matambula ankayenda okha patebulo. Mwini shopu ankadziwa bwino, poti ndiye ankaimba ng'oma m'bandi yawo. Koma panali patapita miyezi mtsikanayo asakuoneka. Foni yake sinkapezeka. Anzake akapita kunyumba, bamboyu ankawabweza pageti: "Sakufuna alendo." Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Mkuluyu sanaikondepo bandi, ndipo chimwalirireni mkazi wake panalibenso womutsutsa m'nyumbamo.

"Ndikufuna kusinthitsa," anatero kalipentala. "Mundipatse kakang'ono. Kopepuka."

"Mwini wake akudziwa, achikulire?"

"Kopepuka."

Mwini shopu anafuna kumuthamangitsa. Koma anaganiza kuti akakana, Chivomerezi chikathera kwa ogula zitsulo. Choncho anatsitsa pashelefu timabokosi timene oimba amati mahedi, tija woimba amanyamula m'manja n'kukalumikiza ku sipika imene waipeza kuholo. Anatiika patebulo mochita kumenyetsa.

"Aka n'kochepa, koma mphamvu zake n'zofanana ndi za chibokosi chanucho. Ndikalumikize mumve?"

"Ayi."

"Pepani, ndinaiwala. Inu nyimbo zimakupwetekani mutu."

Kalipentala anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala. Anatenga kabokosiko n'kukaika pamiyendo. Anachotsapo manja onse awiri, kuwatsitsira m'mbali mwa mpando, n'kuyamba kugwedeza mpandowo. Kabokosi kanatsetsereka. Anakawakha kasanafike pansi.

"Koterera."

"Mukakagwetsa mwakagula!"

Kachiwiri sikanatsetsereke, koma kanapitirira maondo mbali zonse. Kalipentala anatulutsa tepi m'thumba la ovolosi, anakayeza, n'kupukusa mutu.

"Kotambalala."

"Ndazindikira tsopano," anatero mwini shopu. "Mukuyezera kabati yoti muzikatsekeramo. Kabokosi m'kabati, mwana m'chipinda, makiyi m'thumba mwanu, inu mtima m'malo."

Kalipentala anapinda tepi yake pang'onopang'ono. Anatenga kachitatu. Anakapapasa kutsogolo, anakapapasa kumbuyo, atakhala chikhalire. Batani loyatsira linali kumbuyo, pansi pa mawaya, ndipo kuti alifikire anachita kuwerama. Anakabweza patebulo.

Apa mwini shopu analephera kudzigwira.

"Ndikuuzeni zoona, bambo. Ine ndagulitsa zinthu izi kwa zidakwa, kwa abusa, kwa ana asukulu. Onse amafunsa kaye mawu ake. Inu nokha mukusankha ngati mukugula njerwa. Mwana uja ali ndi dzanja limene ena timalipempherera osalipeza. Mwana si thabwa, achikulire, loti mulikhomere pamalo amodzi likhale pomwepo."

Kalipentala anayang'ana pansi.

"Ndipo Chivomerezi anamugulira ndi malemu mayi ake. Ndinalipo. Anakutsekani pakamwa tsiku limenelo. Akanakhala kuti ali moyo, simukanachikweza masitepe amenewa."

Kalipentala anadzutsa mutu n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Chokupizira mphepo chinkazungulira kudenga, chikulira kwiii, kwiii.

"Musawatchule," anatero.

Panatsala kamodzi, kofiira, kochepa kuposa tonse. Kanali ndi timiyendo ta labala, mabatani onse kutsogolo, ndi chogwirira chansalu m'mbali. Kalipentala anakanyamula ndi zala ziwiri. Anakaika pamiyendo, anatsitsa manja m'mbali mwa mpando monga poyamba, n'kugwedeza. Sikanasunthe. Anagwedeza mwamphamvu mpaka mpando unalira. Anaupendeketsa cham'mbuyo, miyendo yakutsogolo ya mpandowo n'kuchoka pansi. Kabokosi kanangokhala phee.

"Aka."

Mwini shopu anakatsomphola n'kukaika kuseri kwa tebulo.

"Sikatuluka muno. Ndipo Chivomerezi sindichilandira mpaka nditamva kuchokera pakamwa pa mwini wake. Muimbireni foni, ngati simunamulande."

"Mufunseni nokha. Ali panja."

"Panja? Mwamusiya panja ngati galu, inu muli muno kugulitsa katundu wake?"

Anazungulira tebulo, anadutsa mkuluyo mochita kumukhula ndi phewa, n'kutsegula chitseko ndi mphamvu. Dzuwa linamuthobwa m'maso.

"Iwe, bwanji osangolowa? Ukuopa chiyani? Kwera kuno u..."

M'munsi mwa masitepe mtsikanayo anali atakhala panjinga ya olumala, gitala itamangidwa kumbuyo kwa mpando, manja onse awiri ali pamateyala.

"Chichitireni ngozi, lero ndi koyamba kuvomera kuti anthu amuone," anatero kalipentala ali kumbuyo kwa mwini shopu. "Mawa ndibwera ndi thabwa loti njinga izikwerapo. Masitepe anuwa ndi oipa."