Malangizo a Bwana Vumbwe

Padangokhala Nkhanga ndi Nkhwali, aliyense ndi sukulu yake ya anapiye. Omaliza maphunziro ankawatumiza kuntchito, kenaka n'kumafunsa mabwana za kagwiridwe kawo.

Njati, yemwe analemba ana a kwa Nkhwali kuti azimuchotsa nkhupakupa, ankangodandaula kuti akamva tswa amauluka. Koma Vumbwe, yemwe analemba a kwa Nkhanga ntchito yosesa pakhomo, ankayamikira.

"Ana aulemu zedi, mayi. Kungoti nawonso amauluka pantchito. Phunziro limenelo lichotseni."

Nkhanga analichotsadi, n'kuyamba kunyoza mnzakeyo. "Anu aja, anzanga, n'chimodzimodzi osaphunzira."

"Tiyeni tikawaone ndi maso athu," anatero Nkhwali.

Kwa Njati anapeza anapiye onse, akukalipiridwa koma amoyo. Kwa Vumbwe pakhomo panali posesedwa bwino, koma pali zii. Atazungulira kuseri, anaona mulu wa nthenga zamawangamawanga.

Nkhanga anatola nthenga imodzi n'kufuula. "Ana anga ali kuti?"

Vumbwe anatuluka m'nyumba akutokosa m'mano. "Mwachita bwino kubwera, mayi. A chaka chinowa muwaphunzitsenso kusakuwa."