Mpando Wotsitsa Odzikweza

Moni owerenga okondedwa, tithokoze Ambuye potifikitsa kumapeto a sabata tili ndi moyo.

"Bwana, pa zaka khumi zomwe mwatsogolera yunivesite ino, kukwera ndi kutsika kwanu kunali kotani?" anafunsa woyendetsa mwambo pa phwando lotsanzikana nawo.

Mkulu wa yunivesiteyo anapukuta misozi. "Kukwera kunalipo, koma umboni wanga ndi wa kutsika. Ndikangoyamba kudzitama pamsonkhano kuti 'ine ndamanga, ine ndagula,' mpando wanga unkatsika wokha mpaka chibwano kugunda tebulo. Kumwamba kunkandidzudzula! Ndalemba buku la chozizwitsachi, mawa likupita kosindikiza."

"Aleluya!" anafuula mapulofesa.

Mlembi wa mkuluyo, mayi woimba kwaya, anaimirira. "Bwana, tchimoli ndisapite nalo kumanda. Pansi pa mpandowo pali kachitsulo. Mukafika pa 'ine' wachitatu, ndinkakatukula ndi phazi. Dzanja linkatopa ndi kulemba."



"Ndiye kuti sanali mngelo?" anafunsa bwanawo motsitsa mawu.

"Ndinali ine, bwana. Nsapato nambala sikisi."

"Nanga buku langa?"

Apo akazi awo anadzuka. "Lisindikizidwe basi, bambo, Ambuye amatuma amene afuna. Koma inu achemwali, mpandowo tiukweza m'galimoto, ndipo mundionetse kachitsuloko. Kuyambira Lolemba bambowa azikhala pakhomo tsiku lonse."

Ambuye akudalitseni owerenga, akukwezeni pa nthawi yake, ndipo likafika tsiku lotsika, akutsitseni pang'onopang'ono.