Mzere Wafika Pakhonde

Mtsinje ukasintha njira, makina a m'mlengalenga ankajambulanso malire a maboma, mapu atsopano n'kufika pafoni nthawi yomweyo. Kuwoloka mzerewo popanda chilolezo unali mlandu, ndipo mwana ankakhala wa boma limene wabadwira. Chaka chatha mzerewo unamulanda Nangondo nkhokwe, chimanga chili momwemo.

Tsiku limene mwana wake Tiyese anafika pochira, mtsinje unali utasefukira. Nangondo anamugoneka pamphasa kuchipinda. Mkamwini wake, Lufeyo, anaima pakhonde foni ili m'manja.

"Amayi, mzere ukusuntha!" anafuula Lufeyo. "Walowa pabalaza. Kokerani mphasa kukhoma!"

"Mutu waoneka kale, bambo! Ndikoke bwanji?"

"Ukubwerabe, amayi!"

Nangondo anagwira mphasa n'kuyamba kukoka, Tiyese akubuula, mpaka onse anakagunda khoma. Kothawira kwina kunalibenso.

Khanda linalira.

"Tatiuzani, bambo," anatero Nangondo. "Mwanayu ndi wa kuti?"

"Ndi wa kwanu konko, amayi," Lufeyo anayankha chapansipansi. "Mzere waima pakhomo la chipinda. Amene ndatsala kunja ndine. Mungomukweza m'mwamba ndimuone."