Bambo wa Tayi pa Siteshoni ya Katete

Panali munthu wina wa kufupi ndi Mkaika, dzina lake Fabiano. Akuti izi zinachitika mu 1983, ndipo amene anandiuza analemba naye mayeso tsiku limenelo.

Fabiano anamaliza Fomu Faivi koma anakhala zaka zinayi pamudzi akungopalira thonje. Kenako banki ina inalengeza kuti ikufuna makalaliki, mayeso adzalembedwa ku Chipata. Sinkatenga wopitirira zaka 25, ndipo Fabiano anali ndi 25 yeniyeniyo. Unali mwayi wake womaliza.

Mlongo wake wamkulu Ottilia, mphunzitsi wa pulayimale ku Katete, anamutenga mwezi wathunthu kuti amukonzekeretse.

"A banki safuna zoloweza, amafuna kuona ngati umaganiza," ankatero. "Tamvera. Alimi onse a thonje ku Sinda ali ndi njinga. Ackson ali ndi njinga. Kodi Ackson ndi mlimi wa thonje?"

"Inde, asisi."

"Wagwa! Mesenjala wa ku Boma alinso ndi njinga, amalima thonje iye uja? Yankho ndi lakuti sitingadziwe."

Pofika kumapeto kwa mwezi Fabiano ankawakhoza mafunso otere. Nzeru anali nazo mnyamatayu, chomwe analibe ndi kudzikhulupirira.

Tsiku lonyamuka, Ottilia anamuveka wotchi ya malemu bambo awo. "Mafunso ndi 40, nthawi ndi ola limodzi. Uziyang'ana apa. Ndipo usamvere za munthu aliyense panjira."

Pa siteshoni ya basi panabwera bambo wina wovala tayi, chikwama chachikopa m'manja. Anasuzumira envulopu ya ku banki imene Fabiano ananyamula, n'kuyamba kulankhula Chinyanja cha m'tauni.

"Uyenda ku mayeso ya banki, ka? Ine nisebenza ku hedi ofesi ku Lusaka. Pepala naiona na maso yanga. Olemba muli handiredi, malo yali chabe yatatu. Manje uganiza uzapita na nzeru chabe?"

Bamboyo anatulutsa kapepala ka mayankho kokhala ndi zilembo 40: A, C, B, A, mpaka pansi.

"Ndalama ndilibe, bambo. Ndangotsala ndi ya basi."

"Iyo wochi ili bwino."

Fabiano anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana tayi. Anaivula n'kusinthanitsa ndi kapepalako. Ulendo wonse wa ku Chipata anali kuloweza zilembo ngati mwana wa katekisimu.

M'mawa mwake analowa mu holo. Woyang'anira mayeso, a Moffat ochokera ku banki, anagawa mapepala n'kunena kuti yambani. Fabiano anayamba kudzaza zilembo zake. Atafika pa funso la naini, maso anakana kulidumpha. Linali m'Chingerezi, koma linkati: anamwino onse amavala zoyera, Angela wavala zoyera, kodi Angela ndi namwino? A inali inde, B ayi, C sitingadziwe.

Dzanja linalemba lokha C m'mbali mwa funsolo. Koma kapepala ka pa siteshoni kankati A. Kodi asisi angapose munthu wa ku hedi ofesi? Analemba A pa pepala la mayankho, ndipo kuchokera apo sanawerengenso funso lililonse.

Atamaliza anayang'ana pamkono, palibe kanthu. Anaganiza kuti nthawi yatha, anaimirira n'kukapereka. Panali patangopita mphindi khumi ndi zisanu. Anthu ena asanu ataona choncho anaimiriranso.

A Moffat anayala mapepala asanu ndi limodziwo patebulo, n'kuyendetsa chala mzere ndi mzere. Kenako anauza mlonda kuti anthu amenewa asachoke.

Mayeso atatha anawaitana mmodzimmodzi. Nthawi yake itakwana, Fabiano analowa.

"Anthu sikisi, mayankho ofanana, zolakwa zofanana," anatero a Moffat. "Wakupatsani ndani?"

Fabiano anaulula zonse.

"Unadziwa bwanji kuti ndi wa ku banki? Anakuonetsa chitupa?"

"Ayi, bwana. Koma anavala tayi, ndipo anali ndi chikwama. Anthu onse a ku banki amavala..."

Analekeza pamenepo, atakumbukira za njinga ya Ackson.

A Moffat anatenga pepala lake la mafunso n'kuloza C uja wa pensulo m'mbali mwa nambala naini. "Ili unalikhoza, mnyamata, mwa anthu handiredi ndi ochepa alikhoza. Mutu wako unakuuza zoona, iwe n'kuukana chifukwa cha tayi. Munthu wotere tingamuike pa kauntala? Wakuba aliyense wovala bwino adzangotenga makiyi." Anakhwatcha dzina lake pamndandanda.

Madzulo ake Ottilia anali akudikira pa siteshoni ya Katete, atagula kale nkhuku. Bambo wa tayi uja kunalibe, ndipo palibe anamuonanso. Fabiano anatsika basi dzanja lamanzere lili m'thumba.

"Zayenda bwanji?" anafunsa Ottilia.

Fabiano anakankhira dzanja lija mkati mwa thumba.

Ottilia anamugwira mkono n'kuutulutsa m'thumbamo. Anayang'ana nthawi yaitali pamalo pamene lamba wa wotchi anayenera kukhala. Sanakalipe, ndipo chimenecho n'chimene chinamupweteka kwambiri Fabiano.

"Atate anaivala zaka makumi awiri osaitaya," anatero. "Iwe tsiku limodzi."

Chaka chotsatira banki inalengezanso malo. Fabiano anali ndi zaka 26, ali m'munda wa thonje.

Phunziro: Mayeso a kuganiza sayambira mu holo, amayambira pa siteshoni. Sikuti aliyense wovala tayi ndi wa ku banki, ndipo wogulitsa mayankho amagulitsa kwa aliyense. Phunzirani, funsani umboni, khulupirirani mutu wanu. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa amene akukonzekera mayeso a ntchito asanakumane ndi bambo wa tayi.