Mabatani Onama

Mayi wina anaika laputopu pakauntala ya wokonza makompyuta. Sinali yake. Inali ya mwamuna wake, ndipo anaitenga mwini wakeyo atangotuluka.

"Bambo, tandikonzereni ichi. Ndikadina A pakutuluka chilembo china. Mabatani onse akunama."

Wokonzayo anavala magalasi n'kuitsegula.

Kunena zoona, mayiyo sanabwerere kukonzetsa, anabwerera umboni. Chikwama cha zovala anali atalongedza kale. Chotsala chinali dzina la mkazi womulanda banjayo basi. Zaka makumi awiri za ukwati si masewera, koma mtima nawo uli ndi polekezera.

Mwamuna wake ankadyera zala: kutayipira anthu makalata, mafomu ndi malipoti. Kale akayamba ntchito, nyumba yonse inkamveka ngati mvula pamalata. Koma miyezi iwiri yapitayi munthu uja anayamba kudzitsekera kuchipinda, ndipo kulira kwa mabatani kunasintha. Kamodzi, zii. Kamodzi, zii. Amalemba choncho ndani, ngati si munthu wosankha mawu achikondi? Lachiwiri lililonse ankatchena n'kutuluka, pobwera maso ali pansi, nkhani palibe. Tsono mayiyo atati asuzumire mu laputopumo, anapeza zilembo zasokonezedwa. Anadziwiratu kuti ndi dala, kuti iye asafufuze kanthu. Zinamupweteka koopsa. Analirira kubafa, mpopi uli chitsegulire kuti ana asamve.

Wokonza uja anadina mabatani angapo, n'kuima. Anatembenuza laputopuyo, naona kapepala ka shopu yake yomweyo kali chimatire kunsi. Anavula magalasi.

"Mayi, iyitu sinawonongeke. Ndinaisintha ndine."

"Ndinu? Ndiye kuti zonse mukuzidziwa eti? Chonde musandibisire, bambo. Mkaziyo ndi ndani?"

Bamboyo analoza mabataniwo.

"Mkazi uti, mayi? Umu ndi mmene timasanjira zilembo kwa anthu olemba ndi dzanja limodzi, kuti zofunika zonse zikhale pafupi ndi zala zakumanzere. Amuna anu anati akufuna azolowereretu, ntchito isadzaime, ana asadzavutike."

Kenako anatsitsa mawu.

"Paja chotupa cha m'fupa chija, chimene amayendera kuchipatala Lachiwiri lililonse, chakana mankhwala. Mkono wamanja akukadula Lachisanu lino. Kodi sanakuuzeni?"