Munthu wa M'kabati

"Wabweranso! Akundiyang'ana!" anakuwa bambo, akuloza chitseko cha kabati chonyezimira ngati galasi. Chiyambire matenda oiwalaiwala, nkhope yawo yomwe ankaiyesa ya mlendo.

Mwana wawo wamkazi anathamangira kwa kalipentala mtima uli m'mwamba.

"Ndipatseni penti wosanyezimira, wolimba, woti asamamatuke."

"Uyu, mayi, ngakhale mumukande ndi mpeni, sachoka," anatero kalipentala.

Mwana wamkaziyo anapaka chitsekocho kawiri konse. Penti atauma, anawalowetsa bambo m'chipindamo.

"Onani, bambo, wapita uja."

Mkuluyo anasisita chitsekocho. Kenaka anayamba kuchikanda ndi zikhadabo, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwamutsekera m'kati! Apuma bwanji? Mukapita kuntchito, amene amakhala nane ndi yekhayo!"

Penti sanamatuke ngakhale pang'ono.