Mbewa ya a Nankhoma

Masiku ano mankhwala atsopano amayamba ndi mbewa. Banja lililonse lokhala ndi matenda akumtundu ofoola miyendo limapatsidwa mbewa yakeyake, yodwala matenda omwewo. Mbewayo ikayenda, wodwala amakabayidwa jekeseni.

A Zuze, amene anakulira kukumba mbewa n'kumagulitsa pamsewu, anakasiya mphaka wawo kwa achimwene awo atalandira mbewa ya banja lawo. M'mawa uliwonse amadonthezera mbewayo mankhwala m'kamwa, kenako n'kukasambitsa akazi awo, a Nankhoma, omwe miyendo inasiya kugwira chaka chatha.

"Mpaka kuitafunira mtedza? Ine simunanditafunirepo," anaseka a Nankhoma ali pamphasa.

A Zuze anali atagwada pafupi ndi kakhola ka mbewayo.

"Mayi a Tadala," ananong'ona, "yaimirira."

A Nankhoma anayang'ana mapazi awo kwa nthawi yaitali.

"Kandifunireni nsapato zanga zija."